Mano a Elesi m'Chaka cha Kolera

Elesi anabadwira pafamu ya fodya ku Chisamba, kwa makolo amene anachoka ku Dowa wapansi kukafuna ntchito. Ku Lusaka anafika chaka chimene dziko linalandira ufulu, atangokwatiwa kumene ndi Blackson Chadza, khukhi wa m'nyumba za azungu. Anamanga ku komboni ya Kanyama, pathanthwe pamene madzi a mvula alibe kolowera, ndipo sanasamukenso.

Ntchito yake inkatsata nyengo. M'dzinja ankawotcha chimanga pambaula m'mphepete mwa msewu. M'chisanu ankagulitsa mbatata ndi mtedza. M'chilimwe, malonda akauma, ankaswa miyala ndi amayi anzake. Koma anthu ankamudziwira kuseka. Anali ndi kampata pakati pa mano a m'mwamba, ndipo Blackson ankati kampata kameneko ndi kamene kanamuiwalitsa njira ya kwawo.

Mano akumbuyo anapita limodzilimodzi, mimba iliyonse ndi lake, pakuti mankhwala a dzino ku kiliniki kunali kuzula basi. Akutsogolo anapita tsiku limodzi, m'zaka zija ufa unkasowa. Chitseko cha sitolo chitatseguka, anthu a pamzere anakankhana, Elesi n'kugwera pachitsulo cha pakhomo. Anafika kunyumba thumba la ufa lili pamutu, chitenje chili magazi. Otsalawo anagwedera, nawonso anazulidwa, m'mwamba monse n'kutsala nkhama zokha.

Kuyambira pamenepo nsonga ya chitenje sinkachoka pakamwa pake. Mlomo unalowa m'kati ngati wa nkhalamba, iye asanakalambe. Chimanga ankawotcha ndithu, kuchitembenuza, kuchithira mchere, koma iye ankangomva fungo.

Pafupi naye pankakhala ba Mukupa, Mbemba wogulitsa tinsomba touma ta kapenta. Awiriwa ankasewera chimbuya, chija Abemba ndi anthu a kum'mawa ngati Elesi, odya mbewa, amanyozana popanda wokwiya.

"Bamake Ida, mbeba zabwezela!" ankatero ba Mukupa. "Mwazidya maningi, manje zabwela kutenga meno."

Kale Elesi akanayankha za kolwe, nyani amene Abemba amati ndi ndiwo. Tsopano ankangogwedeza mapewa kuseri kwa chitenje. Chimbuya chopanda woyankha chimasanduka chipongwe, choncho ba Mukupa analeka.

Kenaka Ida, chitsiriza wa Elesi, anapeza mwamuna, Chileshe, mwana wa mlongo wawo wa ba Mukupa. Ukwati anaupangana chisanu cha chaka chotsatira.

"Ine nizankala kumbuyo, ku mapoto," anatero Elesi.

"Amama, pa ukwati wanga? Nanga ku tebulo kuzankala ndani? Pa chithunzi?"

"Atate ako alipo."

Ida analira. M'mawa mwake Blackson anavala jekete, n'kumutenga mkazi wake kupita ku chipatala chachikulu m'tauni kukafunsa za mano oikirira. Iye anadikira panja. M'kati anamulumitsa Elesi kathireyi kachitsulo kodzaza ndi phala lozizira, kuti atenge chikombole cha nkhama zake. Anamuuza kuti zopangira mano zimachokera kunja kwa dziko, adikire.

Anadikira chisanu chonse. Mphepo ya fumbi ya mu Ogasiti inadutsa, dzuwa la mu Okutobala linaphulitsa malata. Ankapita, n'kubwerera chimanjamanja. Mano anabwera pamodzi ndi mvula yoyamba, inswa zikuuluka. Wopanga manoyo, bambo wofatsa, anamupatsa galasi. Elesi anayang'ana nthawi yaitali. Kampata kanalibe, koma mlomo unabwerera m'malo mwake.

"Pogona muzichosa, muziika mu kapu ya manzi ozizila," anatero bamboyo. "Osati ya moto, mwamvela bamayo?"

Elesi anavomera, maso ali pagalasi. Blackson analinso panja, ndipo pobwerera Elesi anamufotokozera zonse kupatula mawu a madzi ozizira aja.

Masabata oyamba anali owawa. Nkhama zinatupa, malovu ankadzadza, mawu ankatuluka ngati a mlendo. Anayambira phala, n'kufika pa masuku, kenaka mango. Khirisimasi itadutsa, chimanga choyamba chitakhwima, anasankha chanthete, anachiwotcha bwino, n'kuluma cham'mbali monga anamulangizira. Anatafuna pang'onopang'ono. Ba Mukupa anaona.

"Yaba! Mbeba zabweza meno?"

"Zabweza," anayankha Elesi, chitenje chili m'chiuno. "Manje uzani abale anu abwele na kolwe wonenepa ku ukwati, nimulawe."

Ba Mukupa anaseka mpaka kugwetsa mbale yoyezera kapenta. Tsiku limenelo msewu wonse unamva kuseka kumene unali utaiwala.

Mu Januwale mvula inakana kukata. Madzi anaima m'makwalala, zimbudzi zinasefukira, zitsime zosaya n'kusakanikirana nazo. Kolera analowa m'Kanyama. Galimoto ya chimkuzamawu inkazungulira tsiku lililonse: wiritsani madzi, wiritsani ziwiya. Kamwana ka nyumba yoyandikana nawo kanadwala m'mawa, madzulo kanapita. Anakanyamula atakakulunga m'pulasitiki, ndipo pamaliro anthu analetsedwa kusonkhana.

Blackson anachita mantha, ndipo mantha ake anathera pambaula. Zaka zonse za ukhukhi zinamuphunzitsa chinthu chimodzi: chimene chikulowa m'kamwa chiyambe chawira. Ankawiritsa mabotolo a mkaka a ana a azungu, ndipo palibe anamwalira. Tsopano anawiritsa masupuni, makapu, mipeni, ngakhale nsalu yopukutira mbale.

M'mawa wina Elesi anatuluka kukakumba kangalande kuti madzi asalowe m'nyumba. Blackson anaona kapu ya mano pawindo. Anaganiza za madzi a m'kapumo, za chitsime chimene anachokera, za kamwana kaja. Anathira manowo mumphika wobwadamuka, n'kuvundikira, kuti awire mokwanira.

Elesi polowa anawapeza pasosala yoyera, ataumitsidwa bwino. Anawanyamula, akadali ofunda. Anawaika m'kamwa, manowo anagwa. Anayesanso. Mbali imodzi inali itapindika ngati tsamba louma, ina inkamubaya.

"Batate Ida, mwachita chani?"

"Nawilisa chabe. Matenda aya..."

"Mwawilisa."

"Nanga ninafuna kuti mufe? Manzi yaja ni ya pa chisime!"

"Ninaika yowilisa kale. Yozizila. Ndiye mwamene ananiuzila."

"Simunaniuze ine."

Elesi anakhala pansi pamphasa yonyowa. Sanakalipe. Anamasula chitenje, anapeza nsonga yake, n'kuibwezera pakamwa. Blackson anaima pomwepo, chivundikiro chili m'manja, mphika ukupitiriza kuwira.

Anabwerera ku chipatala mvula ikugwa. Wopanga mano uja anawatembenuza m'manja, n'kupukusa mutu. Anati opindika chotere sawongoka, zopangira zinatha, ndipo sakudziwa tsiku limene zidzabwere. Ulendo uno Blackson analowa nawo. Anavula chipewa, n'kupempha ngati mwana, kuti mwina pali katsalira penapake. Panalibe.

Mvula inakata mu Epulo. Kolera anatha, atatenga amene anatenga, koma m'nyumba ya a Chadza sanadwale munthu. Anthu ena ankati ndi chifukwa cha kuwiritsa kwa Blackson, ndipo Elesi akamva ankavomera ndi mutu, pakuti mwina zinali zoona. Chimanga chinauma m'minda ya m'mbali mwa njanji. Elesi ankapitabe ku chipatala, n'kubwerera. Pa masiku amenewo ankayesanso mano aja mobisa, mpaka nkhama zinatuluka magazi, n'kuwasunga m'kachitini ka tiyi.

Tsiku la ukwati kunacha ndi chisanu chothyola zala. Elesi analawirira ku miphika, kuseri kwa nyumba. Ida anamupeza kumeneko atavala kale diresi loyera, m'munsi mwake mukukhudza phulusa.

"Amama, ngati simubwela, naine siniyenda."

Elesi anayang'ana mwana wake, anapukuta manja, n'kupita kukavala.

Anakhala kutsogolo, pambali pa mwamuna wake. Abale a Chileshe anabwera ndi chimbuya chawo, ena atanyamula misampha ya mbewa kuti aseketse anthu. Mmodzi anayandikira Elesi, pakamwa patakonzeka kale, koma ba Mukupa anamugwira mkono.

"Awe. Aba basiyeni. Yendani kuli ba Chadza."

Akwati polowa, Elesi analuluta. Nthungululu imaimbidwa dzanja lili pakamwa, choncho inatuluka yonse, yakuthwa ngati kale, mpaka Ida anacheuka. Ndi nthawi yokhayo imene mawu ake anamveka tsiku lonse. Nyama inabwera, iye anadya msuzi.

Wojambula anawaimika pakhoma la tchalitchi dzuwa likupendeka.

"Bamayo, chosani kwanja pa kamwa. Sekani pang'ono!"

Elesi anatsitsa dzanja. Milomo anaitseka. Blackson, amene mano ake anali athunthu, anayang'ana mkazi wake, nayenso n'kutseka yake. Chithunzicho chinapachikidwa kwa Ida ku Matero: onse akuseka, awiri okha pakati ali ngati abwera pamaliro.

Dzinja lotsatira Elesi anabwerera pambaula yake. Zopangira mano zinali zisanabwere. Blackson ankamutengera makala, n'kukhala naye pamwala. Tsiku lina Elesi anasankha chimanga chanthete, anachiwotcha, anachithira mchere, n'kumupatsa.

"Idyani, batate Ida."

"Dzino linibaba," anatero Blackson.

Elesi ankadziwa kuti palibe dzino likumuwawa. Anamugwiritsa chimangacho m'manja ndithu. Blackson anachigwira mpaka chinazizira, mvula ikuyamba kuwaza pamakala, ndipo sanalume.