Mchombo wa Yarledis

Ngati mwatopa ndi kugogoda pa zitseko zosatseguka, khalani pansi ndikuuzeni za Yarledis Rentería ndi mayi ake. Ndimawadziwa bwino. Tinathawa kwathu ku Bagaradó pa bwato limodzi, ndipo mumzinda wa Medellín khoma la nyumba yawo linali khoma langanso.

Tsiku limene awiriwa anagwa mphwayi silinali lothawa lija, ngakhale kuti ndi tsiku limene anthu a mfuti anapha bambo a Yarledis pagombe. Linali Lachiwiri lina, patapita zaka khumi ndi zisanu, pa ofesi yolandira madandaulo a anthu olandidwa malo. Mayi Eufrasia anavala diresi lawo la kutchalitchi, pamiyendo atakhazika kachitini ka bisiketi kadzimbiri. Yarledis, chitsirizira chawo, anali pambali ndi beseni la maswiti a kokonati amene ankagulitsa pokwerera basi.

"Amayi, pepala la malo muli nalo?" anafunsa kalaliki.

"Kwathu kunalibe wa pepala, bambo. Aliyense ankadziwa malire ake."

"Ndiye zivuta. Kampani imene ikulima kanjedza wa mafuta kumeneko mapepala ili nawo. Akuti pamene inkafika panali nkhalango yokhayokha, simunkakhala munthu."

"Simunkakhala munthu? Nanga ana angawa ndinaberekera m'mwamba mwa mtengo ngati pusi?"

Anthu pa mzere anaseka. Kalaliki sanaseke, anangoitana wotsatira.

Za kachitini kaja ndikuuzeni. Kwathu mwana akabadwa, mchombo wake ukagwa, timaukwirira pakhomo n'kudzalapo mtengo, ndipo mtengowo ndi wake moyo wonse. Adzukulu a Mayi Eufrasia anabadwira m'tauni, anayi. Michombo yawo agogowo anaikulunga m'tinsanza n'kuisunga m'chitinimo. Ankati, "Dothi la lendi sindikwiriramo mdzukulu wanga. Adikire, tidzapita kwathu." Kulikonse kumene ankapita kukadandaula za malo, chitinicho ankachitenga.

Tsiku limenelo, akukwera masitepe opita ku nyumba zathu za paphiri, Yarledis anapsa mtima.

"Amayi, chitinichi muzichisiya kunyumba. Anthu amatiseka."

Mayiwo anakhala pa sitepe, mpweya utawathera. Sanamukalipire. Anangofunsa motsitsa mawu, "Mwanangu, ngati kwathu simunkakhala munthu, ndiye ine ndine chiyani?"

Yarledis anaika beseni pansi n'kukhala nawo, ndipo ine ndinawapeza pomwepo onse awiri akulira. Funso limenelo linamulowa mumtima, silinatulukenso.

Anaganiza zopita ku yunivesite kuti akaphunzire chinenero cha anthu a mapepala. Mayeso olowera analephera. Analembanso chaka chotsatira, analepheranso. Anzake ogulitsa nawo anamupatsa dzina loti Dokotala wa Kokonati, ndipo akamuona akuwerenga buku longʼambika pansi pa beseni ankati, "Adokotala, ntchentche zikukudyerani katundu uku." Iye ankaingitsa ntchentche n'kupitiriza kuwerenga. Ulendo wachitatu anakhoza.

Anaphunzira za moyo wa anthu ndi malo awo, masana akugulitsa, madzulo ali m'kalasi, mpaka anatenga digiri yachiwiri. Koma chinthu chimodzi sindinamuyamikire, ndipo ndinamuuza pamaso. Kusukuluko ankabisa kumene anachokera. Akafunsidwa ankati ndi mwana wa m'tauni. Ankaopa kuti akadziwika kuti ndi wothawa nkhondo, azimumvera chisoni m'malo momumvera zonena zake.

Kenako kunabwera mwayi. Bungwe lina linkasonkhanitsa ofufuza achinyamata a m'mayiko osiyanasiyana, ongoyamba kumene ntchito, kuti afufuze limodzi za malo olandidwa pa nthawi ya nkhondo ndi kuthandiza makhoti obwezera malowo. Yarledis anatengedwa. Anamuphatikiza ndi Nicanor Huamaní wa ku Peru, katswiri wa mitengo, munthu wowonda wosakonda kulankhula. Yarledis anadandaula kuti, "Ine ndikufufuza za anthu, andipatsa munthu wolankhula ndi zitsa."

Miyezi isanu ndi umodzi anayenda ndi mafomu kwa anthu a kwathu. Funso loyamba pa fomu linali la pepala la malo. Aliyense ankayankha kuti alibe, n'kutseka pakamwa. Anaphunzira zaka zonsezo kuti akafunse funso lomwe lija la kalaliki. Mlandu wa mayi ake unali utafika kukhoti, koma wopanda umboni, ndipo miyendo ya mayiwo inali itayamba kutupa.

Tsiku lina masana Nicanor anabwera kunyumba kudzasiya mafomu. Mayi Eufrasia anamuyangʼana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Kwanu kulibe chakudya, mwanangu? Khala apo. Ukatuluka chonchi mphepo ikunyamula."

Anamuikira nsomba, nthochi zophika ndi mpunga wa kokonati. Akudya, anaona chitini pa shelefu, pafupi ndi chithunzi cha malemu bambo, n'kupempha bisiketi. Mayiwo anaseka mpaka misozi.

"M'menemo mulibe bisiketi, ungadye adzukulu anga."

Yarledis anafuna kulowa pansi ndi manyazi. Koma mayiwo anafotokoza zonse, za michombo, za Bagaradó, za mitengo ya ana awo. Nicanor anasiya kudya.

"Amayi, munkadzala mtengo wanji?"

"Sedro. Bambo awo ankati mwana akadzakula adzasemepo bwato lake."

"Munkadzala sabata yomwe mwana wabadwa?"

"Nanga n'kudikiranji?"

Nicanor anatembenukira kwa Yarledis. "Sedro amalemba mzere umodzi m'thupi mwake chaka chilichonse. Ngati mitengoyo ikadalipo, ndikhoza kuwerenga zaka zake. Iwe, takhala tikufuna pepala miyezi yonseyi, pomwe pepala lili chiimire m'mbali mwa mtsinje. Bwanji sunandiuze kuti n'kwanu?"

"Ndinkachita manyazi," anatero Yarledis. Aka kanali koyamba kunena zimenezi pamaso pa mayi ake.

Mutu umodzi susenza denga. Loya wa gulu lawo anapempha chilolezo kukhoti, wina wodziwa za mapu anapeza pamene panali mudzi, ndipo Yarledis anapita kutchalitchi cha kumunsi kwa mtsinje kukakopera masiku obadwa a ana m'buku la ubatizo. Atafika ndi Nicanor pamene panali mudzi paja anapeza kanjedza mpaka kumene maso alekezera. Nyumba kunalibe, manda kunalibe. Koma pagombe, pamene kampani inkaimika mathirakitala ake, panali mitengo ya sedro italiitali. Kampaniyo inaisiya chifukwa cha mthunzi.

Yarledis anaiwerenga. Anawerenganso. Ana a Mayi Eufrasia ndi asanu. Mitengo inali isanu ndi umodzi.

Nicanor anaboola mtengo uliwonse n'kutulutsa kachidutswa kowonda ngati pensulo, n'kukawerenga mizere yake. Mitengo isanu inagwirizana ndi buku la ubatizo. Wachisanu ndi chimodzi unali wamkulu kuposa yonse. Unaposa wa Aristides, mwana woyamba, ndi zaka ziwiri.

Apa ndi pamene Yarledis anayesedwa.

"Uchotse mu lipoti," anauza Nicanor. "Tilembe isanu. Loya wa kampani akaona umenewu anena kuti mitengoyi inangomera yokha."

"Sindichotsa."

"Si mayi ako amene akutupa miyendo. Iwe ukabwerera kwanu, ife titsala pa phiri lomwe lija."

"Achemwali, iwo anafufuta mudzi wonse pa mapu chifukwa unkawasokoneza. Ife tifufute mtengo chifukwa ukutisokoneza? Ndiye tisiyana nawo pati?"

Wakutsina khutu ndi mnansi. Yarledis anakhala masiku atatu osamulankhula, kenako anapita kwa mayi ake kukafunsa za mtengowo. Mayiwo anali kupala kokonati. Manja anaima, koma sanadzutse mutu.

"Ukadalipo?"

"Ulipo, amayi. Ndi wa ndani?"

"Ndikanena komweko. Kuno ayi."

Anawachonderera, anawauza kuti mlandu ukhoza kugwa chifukwa cha mtengo umenewu, koma mayiwo sanawonjezere liwu. Yarledis anasaina lipoti ndi mitengo yonse isanu ndi umodzi, ndipo pa womalizawo analemba kuti chifukwa chake sichikudziwika. Anandiuza kuti posainapo ankaganiza kuti mwina akutaya malo a mayi ake ndi cholembera chake chomwe.

Woweruza, mayi wachikulire wa magalasi, analamula kuti khoti likaone malowo. Tinapita ambiri pa mabwato atatu. Mayi Eufrasia tinachita kuwanyamula potsika, chitini chili m'manja. Loya wa kampani sanachedwe.

"Mayi woweruza, lipoti lawo lomwe likuwatsutsa. Ana asanu, mitengo isanu ndi umodzi. Mitengo imamera m'nkhalango, si nkhani yachilendo."

Woweruza anatsegula lipoti n'kuliphimba ndi dzanja. "Amayi, mumatha kuwerenga?"

"Ayi, bwana."

"Ndiye ndisonyezeni ana anu."

Mitengoyo sinaime motsatana ndi msinkhu, ndipo ina yaingʼono inali itanenepa kuposa yaikulu. Mayi Eufrasia anayenda pangʼonopangʼono atatsamira Yarledis. Anagwira mtengo wapakati. "Uyu ndi Aristides." Anawolokera kumapeto. "Uyu ndi Leoncio, anabadwa chaka cha chigumula." Anatchula Marelvis, anatchula Deiner. Woweruza ankayangʼana mu lipoti n'kugwedeza mutu. Pa mtengo wopendekera ku madzi, mayiwo anaumenya pangʼono ndi chikhatho.

"Uyu ndi Yarledis. Mwaona kupendekaku? Makani anayamba kalekale."

Tonse tinaseka, ngakhale woweruza. Kenako panatsala mtengo umodzi, ndipo kuseka kunatha.

Mayiwo anapatsira Yarledis chitini. Anakumbatira mtengowo ndi manja onse awiri, tsaya ataligunditsa pa khungwa.

"Uyu ndi Candelaria, mwana wanga woyamba. Anabadwa zaka ziwiri Aristides asanabadwe. Anakhala masiku asanu ndi anayi. Wansembe sanafike, n'chifukwa chake m'buku mulibe. Mchombo wake uli pansi apa, mwini wakenso ali pomwepa." Anapuma. "Ana angawa sindinawauze. Ndinkadziwa kuti ndikatchula dzina lake kutali ndi kumene anagona, ndilira osaleka, ndipo panali ana asanu ofuna kudya."

Woweruza anayangʼana mu lipoti nthawi yaitali. Anavula magalasi n'kufunsa Nicanor, "Zaka ziwiri?"

"Zaka ziwiri, mayi woweruza."

Yarledis anagwada pamizu ya mtengowo. Mtengo umene ankafuna kuufufuta unali mkulu wake, ndipo ndi umene unatsimikiza kuti mayi osadziwa kuwerengawa sanachite kuloweza lipoti la munthu aliyense.

Chigamulo sichinabwere mawa lake. Chinatenga miyezi khumi ndi inayi, ndipo panali masiku amene tinkaopa kuti mayiwo sachiona. Koma mlandu suwola. Khoti linati pamalopo pankakhala anthu, ndipo malo abwezedwe. Mabanja ena a kwathu atamva, anayamba kukumbukira mitengo yawo. Gulu la Yarledis linataya mafomu akale aja. Tsopano funso lawo loyamba ndi lakuti, "Mchombo wanu unakwiriridwa kuti?" Anthu amene ankatseka pakamwa amalankhula mpaka dzuwa kupendeka.

Tsiku lobwerera ndinalipo. Kukumba Mayi Eufrasia sakanatha, ndiye anakhala pa mpando pansi pa mtengo wa Candelaria n'kumalamula. Nicanor anabweretsa mbande zinayi za sedro. Adzukulu anayi aja, wamkulu ali kale ndi ndevu, aliyense anakumba dzenje lake. Amene ananyamula chitini kuchokera ku Medellín mpaka kumeneko, pa basi ndi pa bwato, osachibisa m'chikwama, anali Yarledis.

Michombo yonse italowa m'dothi, mayiwo anasuzumira m'chitini chopanda kanthu n'kuchipereka kwa Nicanor.

"Tenga, mwanangu. Tsopano ukhoza kuikamo bisiketi wako uja."

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso anakuuzani kuti pamene mwaima simunkakhala munthu. Mwina mayeso anakugwetsani kawiri, mwina mumabisa kumene munachokera, mwina pali choona china chimene mukufuna kuchifufuta chifukwa chikuoneka ngati chikuwonongerani mlandu. Lembaninso mayesowo. Funani anzanu odziwa zimene inu simudziwa, ndipo akakutsinani khutu musawathawe. Kwanu musachite nako manyazi, pakuti umboni wanu uli komweko. Mayi Eufrasia anasunga chitini chawo zaka zoposa makumi awiri anthu akuwaseka, ndipo lero pagombe la Bagaradó pali mitengo khumi. Gwiritsitsani chanucho, mtima musautaye.