Masaya Anga m'Mwezi wa Njala

Nditayamba kumwa mankhwala a khate, mitsempha ya m'mikono inatupa n'kumawotcha usiku ndi usana. Adokotala anandiwonjezera timapiritsi toyera tochotsa kutupako, nati ndisadzasiye mwadzidzidzi, apo ayi zala zidzapindika. Ululu unachepadi, koma timapiritsito tinandifufumitsa nkhope ngati chitumbuwa, mu Febuluwale, anthu ku Utale akugona ndi njala.

Kwathu tinkadalira madeya amene azakhali ankatigawira. Za matenda angawo, ine ndi amayi tinkabisa.

Tsiku lina azakhali anandipeza pa mjigo, nandiyang'anitsitsa masaya.

"Iwe, wanenepatu! Kani amako akubisa chimanga, ine n'kumamana ana anga chifukwa cha inu? Basi, musadzabwerenso kwanga."

Ine mtima suchedwa kupsa. Ndinakuwa pamaso pa onse otunga madzi: "Iyayi azakhali, si chimanga ichi, ndi mankhwala a khate!"

Amene ankapopa madzi anasiya.

M'mawa mwake madeya anabwera ndithu. Azakhali anaima kumsewu, natula beseni pansi, n'kuitana amayi ali patali.

"Besenilo musabweze, alamu."

Mphamvu zokalipa ndinalibenso. Ndinadya phala lamadeyalo, n'kumeza timapiritsi tanga.