Milu ya Chimanga pa Mphasa

Mlongo wanga wamng'ono atabwera kuchokera ku univesidade, tinkati wabwera kudzapuma. Ayi ndithu. Aphunzitsi ake anamuuza kuti asankhe yekha choti afufuze, iye n'kukana kungotola chilichonse. Anati ayambe waona zimene ophunzira analemba kale za ulimi wa kuno kwathu, kuti adziwe pamene pakuperewera.

Chaka chimenecho bambo anali atatsimikiza zousiya munda wathu wa ku Mualadzi, munda umene unatilera tonse. Kaufiti anali atadzaza, timaluwa take tili psuu, chimanga chikungolekeza m'mawondo. Bambo ankati mundawo unalodzedwa, ndipo akamatero maso ankaloza kunyumba kwa achimwene awo. Zinkandiwawa, koma ndikanatani?

Ndinkamukweza mlongo wangayo pa njinga mpaka kumsewu wa ku Cassacatiza, kumene foni imagwira bwino, kuti akakopere zolembazo mu komputadoro yake. Msana unkachita kuuma gwa, ndipo ndinkalalata njira yonse. Tikafika kunyumba ankayala mphasa pakhonde. Akawerenga nkhani imodzi, ankaponya njere imodzi ya chimanga pa mulu wake: za adubu, feteleza uja, apa, za mbewu zamakono apa, za fodya apo. Ndinkamuseka kuti sukulu yonseyi wangophunzirako kuombeza ula. Iye kumangoingitsa nkhuku. Koma mtsikana uja khama, abale inu! Mpaka lero ndimamugomera.

Milu inakula, wa adubu ngati kachulu. Koma kumapeto kwa mphasa kunali tinjere tosadzaza n'chikhatho chomwe. Bambo, amene masiku onsewo ankangodutsa, anaima n'kufunsa kuti kamulu komvetsa chisoni kameneko n'ka chiyani. Mlongo wanga anawauza kuti n'ka kaufiti wa m'minda ngati yathu. Anati palibe anawalodza, chimenechi ndi chomera choyamwa mizu ya chimanga, ndipo poti olembapo ndi ochepa chonchi, ndicho wasankha kufufuza, bola apeze munda woyeserapo.

Bambo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi njere imodzi ya mbewu imene ankasungira munda watsopano. Anaiika pa kamulu kaja.

"Iyi ndi yako, mayi. Munda uja sindiusiya, ukayambire pomwepo."

Dzuwa litapendeka ndinawaona atanyamula kampando kawo, akulowera kwa achimwene awo, kumene anali asanapondeko chikololere.