Chithunzi cha Achimwene Chokana Kuuma

Ndikukumbukira fungo la nsatsi limene linadzaza nyumba yathu ku Rivirivi chaka chomwe achimwene anga a Lusiyano analowa usilikali wa Keyala. Abambo ankagwira ntchito kumishoni, kutsuka maburashi a Bulazala wina wojambula zithunzi za m'tchalitchi, ndipo pongoonerera anatolako luso. Amayi atayamba kulira kuti mwana akupita kunkhondo osasiya ngakhale nkhope, abambo anapempha timachubu ta utoto totsalira, nakhazika achimwene pamtondo, n'kuyamba kuwajambula pathabwa.

Utoto umenewo ndi wolimba ngati phala logona, umafuna kuusungunula ndi mafuta akeake, koma mafutawo anali atatha kumishoni chifukwa cha nkhondo yomweyo. "Mafuta ndi mafuta basi," anatero abambo, natsanula a nsatsi a m'nsupa ya amayi, omwe tinkadzola tikasamba. Burashi inayenda mosakakamira. Nkhope inatuluka ndithu, mpaka kampata ka m'mano.

Achimwene anakwera sitima pa Balaka. Chithunzi chija kuuma, iyayi! Abambo anachiika padzuwa, anachifukiza utsi, koma ukachikhudza chala chinkabwerako chakuda. Ine, msungwana wosafika pomweta udzu, anandipatsa ntchito yoingitsa ntchentche ndi nyerere. Dzuwa la Okutobala litakwiya, diso lamanzere linayamba kutsetsereka, likukoka mzere patsaya.

A Nasibeko, oyandikana nafe, atasuzumira anagwira pakamwa. "Awa ndi malodza, amayi ake a Lusiyano. Chithunzi sichilira chabe."

Amayi anasiya kudya. Abambo anayesetsa kufotokoza kuti cholakwa n'cha nsatsi, koma ndani akanawamvera? Ine ndinaopa koopsa. Mumtima mwanga ndinatsimikiza kuti nkhope ija ikangosungunuka yonse, achimwene afera komweko, ndipo mlonda ndinali ine. Ndinachigoneka chagada pansi pa kama, ndipo m'mawa uliwonse, ndisanapite kumadzi, ndinkabwezera diso lija m'malo mwake ndi kaudzu, manja akunjenjemera, ndikunong'ona Tikuoneni Maria. Pobwezerabwezera, diso linakula ngati la kadzidzi, mphuno n'kupindikira kukhutu. Ndinkalira ndekha kuti ndikuwapweteka.

Nkhondo itatha anabwera, owonda, khutu limodzi losamva. Atawatulutsira thabwa lija, fumbi ndi mapiko a ntchentche zili mbuu, anaseka mpaka kutsokomola. "Amene anamenya nkhondo ndi uyu, ine ndinangomuperekeza!" Tonse tinaseka kupatula amayi. Iwo anapukuta tsaya la achimwene ndi chikhato, kenako anayang'anitsitsa chikhatocho.

Masiku ano adzukulu anga ali ku Joni, ndipo zithunzi zawo zimabwera pafoni zitauma kale, zosafuna mlonda. N'zabwino, sindikana. Koma akakhala chete mwezi wathunthu, ndimangoigwira foniyo, ndilibe choti ndibwezere m'malo mwake.