Telala Amene Ankadyetsa Mkazi Wake pa Foni

Bambo anga anali telala wa pakhonde la sitolo, munthu wolongolola ngati wailesi. Tepi m'khosi, mapini kukamwa, koma nkhani osaduka. Wobwera kudzapinditsa buluku ankachoka atamva mbiri ya mabuluku onse a m'tauni. Onse awiri, iwo ndi Mayi, anatisiya kale, ndipo phokoso lawo lija ndimalisowa kwabasi.

Mayi atadwala matenda ofa ziwalo, mawu anatha, ndipo chakudya ankalandira kwa Bambo okha. Ine mwana wawo weniweni ndikagwira supuni, ankatembenukira kukhoma. Koma Bambo akangokhala m'mphepete mwa bedi n'kuyamba, "Mayi, mwamva za kasitomala wanga wachimimba uja?" Mayi ankaseka ndi mbali imodzi ya nkhope, supuni n'kulowa.

Kenaka maso a Bambo anayamba kuchita mdima, ulusi osalowanso pasingano. Adokotala anati opaleshoni yake ndi ya kunja kwa dziko. Bambo anakana kwamtuwagalu: "Nanga awa azidya chiyani, mphepo?" Mwamuna wanga ndiye anawanyengerera. Anawabwereka foni yake yolipira pakutha pa mwezi, n'kuwaonetsa podina kuti tizionana nkhope. Zoti intaneti imakwera mtengo choncho ukangodutsa malire, palibe anaziganiza.

Bambo atanyamuka, Mayi anakana ngakhale madzi. Milomo yawo inayamba kuuma. Mawa lake foni yanga inalira. Anali Bambo, atayandikitsa nkhope mpaka tinkangoona mphuno.

"Iimike papilo, iwe ugwire supuni," anandiuza. "Mayi, yasamulani, musandichititse manyazi kwa eni dziko."

Mayi anayasamula. Ndinawadyetsa, misozi yanga ili chuchuchu.

Zinakhala choncho m'mawa, masana ndi madzulo. Vuto linali lakuti Bambo sankadziwa kudula foni. Akamaliza ankangoiponya m'thumba la malaya, ife n'kumawamva akudzudzula manesi kuti mayunifolomu awo anasokedwa mokhota. Mayi ankagona tulo tabwino ndi phokoso limenelo, ndiye ndani akanalimba mtima kudula?

Bambo anabwerako akuona bwinobwino. Bilu ya foni inawatsatira pambuyo. Mwamuna wanga ataiona anakhala pansi pasimenti, mipando ili pomwepo. Anaimbira a kampani ya foni poganiza kuti alakwitsa, koma anamuyankha mwaulemu kuti ndi momwemo, umenewo ndiwo mtengo wa intaneti munthu akakhala kunja. Biluyo inaposa tikiti ya ndege, kupita ndi kubwera.

Bambo sanalole kuti mkamwini alipire. Anagulitsa makina awo osokera amagetsi, omwe ankawapukuta ngati mwana, n'kubwerera ku akale opalasa ndi phazi. Zinandiwawa, ndipo poti pakamwa ndinatengera kwa iwo, sindinawasiye.

"Bambo, kuchipatalako akuti intaneti inali yaulere. Munthu wolankhula ngati inu, kulephera kufunsa?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo atsopano.

"Ndikanadziwa ndikanafunsa, mwanawe. Koma ukanandiuza mtengowo ndili konko, ukuganiza kuti ndikanadula? Ndinasiya mkazi wamoyo, ndadzamupeza wamoyo, masaya atadzadza. Makina ndidzagula ena. Amayi ako ndikanakawagula kuti?"

Iwo anakwinya manja a malaya n'kulunjika kuchipinda.

"Bweretsa mbale, akundidikira."