Mgolo Umene Unabwera pa Maliro a Yotamu

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire, khosi likuwawa chifukwa ndinagona chokhala pampando. Amuna tinachezera panja pansi pa tenti, amayi ali m'nyumba ndi bokosi la mng'ono wanga Yotamu. Nyimbo zinali zitazilala, ndipo pamoto panangotsala makala. Mvula inali itagwa kawiri, madzi n'kudikha pamwamba pa tenti. Ndinawakankha ndi ndodo yanga kuti asagwere anthu.

Kenako ndinafufuza chikwama changa cha mapepala pansi pa mpando. Chinali chouma. Munali chilolezo choikira maliro, pepala la kuchipatala cha ku Boma lonena kuti mtima unaima, khadi la ubatizo la Yotamu, ndi makalata onse amene tinalemberana. Ndinakhala mlembi wa mpingo wathu zaka makumi awiri ndi zitatu. Anthu amandiseka kuti ndimasunga ngakhale tikiti ya minibasi. N'zoona, ndimasunga.

Yotamu anagwira ntchito yosankha fodya moyo wake wonse. Ankatenga tsamba, kulinunkhiza, n'kunena dera limene lachokera. Atapuma pa ntchito anakhalabe ku Lusaka, kumene ankagwirako, zaka zingapo, ndipo kumeneko analowa m'kagulu ka anthu makumi awiri okonda wisiki wa ku Amereka wotchedwa boboni. Anandifotokozera yekha. Sagula botolo m'sitolo ayi. Amasonkherana n'kugula mgolo wathunthu wa matabwa. Opanga mowawo amatumiza timabotolo titatu ngati ta mankhwala a chifuwa, tochokera m'migolo itatu, gulu limalawa n'kusankha umodzi. Mowa wa mumgolo umenewo amauthira m'mabotolo osasakaniza ndi wina, n'kugawana. Nditamva kuti mowawo amapangira chimanga, ndinapsa mtima kwambiri. Munthu wobadwira pakati pa minda ya chimanga kuitanitsa kachasu kutsidya kwa nyanja! Ndinamulembera makalata atatu omudzudzula, ndipo makope ake ndinasunga. Anayankha kamodzi kokha: "Akulu, ine ndimanunkhiza kwambiri, kumwa n'pang'ono. Mphuno yanga inasowa ntchito." Anabwerera kumudzi chaka chatha, ndipo nkhaniyo sitinaikambenso mpaka anagwa m'munda mwake Lolemba.

Kutacha, adzukulu ananyamula makasu kupita kumanda. Amayi analimbana ndi nkhuni zonyowa kuseri kwa nyumba, utsi ukukwawa pansi osafuna kukwera. Anthu anayamba kufika. Ambiri anabwera pa njinga, matope atafika m'maondo. Achibale a mlamu wanga, mkazi wa malemu, anabwera pa ngolo kuchokera kufupi ndi Lukusuzi, atanyamula nkhuni zouma ndi mbuzi. Panabweranso amayi ogulitsa pamsika wa Lundazi, alimi amene Yotamu ankawathandiza kusankha fodya, ndi minibasi imodzi yochokera ku Chipata. Aliyense ankagwada pakhomo n'kupepesa, ena m'Chinyanja, ena m'Chitumbuka. Ndinawalemba onse m'kope.

Cha m'ma naini koloko panafika magalimoto atatu a ku Lusaka, yomaliza ili yapikiapu yophimbidwa ndi lona. Anatsika anthu ovala bwino, nsapato zawo zosayenera matope athu. Anavundukula lona, ndipo amuna anayi anatsitsa mgolo wa matabwa wokhala ndi malamba achitsulo, n'kuuimika pansi pa mtengo wa mango. Fungo linafika patenti msanga. Ndinaona amuna ena a m'mudzi, amene sanatithandize ngakhale kutola nkhuni, akuyandikira mtengowo pang'onopang'ono. Mmodzi anali atatulutsa kale kapu m'thumba la jekete.

Ndinaimirira kuti ndiwakalipire. Koma ndisanayankhule, mayi wina wa gululo, atamanga chitenje pamwamba pa diresi lakuda, anagwada m'matope patsogolo panga.

"Atate, pepani. Tabwela na katundu wa ba Yotamu. Mulibe kanthu mukati."

Anandipatsa envulopu. Munthu akandipatsa pepala ndimayamba ndawerenga, kukwiya kumabwera pambuyo. Tsamba loyamba linali pangano la gulu lawo, mayina makumi awiri atasainidwa bwinobwino. Mfundo yachisanu ndi chiwiri inkati mgolo ukatha kukhuthulidwa umakhala wa munthu amene kusankha kwake kunapambana. Mphuno ya Yotamu ndi imene inapambana. Mgolowo unatenga pafupifupi chaka kuti ufike, ndipo unafika mwiniwake ali m'mochale. Panali tsamba lachiwiri, koma sindinalifike, chifukwa anandikoka dzanja kuti akulu a mpingo akundifuna kuseri kwa chigafa cha fodya.

Abusa sanathe kubwera chifukwa mtsinje unadzaza, choncho mwambo unali m'manja mwa mkulu mnzanga amene tinatumikira limodzi zaka zambiri. Ndi munthu woongoka, sindingamunamizire. Anandiuza kuti mpingo sungaimbe pamalo pamene pabwera mowa, ndipo tsopano aliyense waona kuti malemu anali munthu wotani. Kwaya ipite kwawo, amayi avule yunifolomu, ife abale tikaike maliro athu mwakachetechete.

Kwathu kuno munthu woikidwa popanda nyimbo saiwalika. Ana ake amakula akulozedwa chala. Uthengawo unali utalowa kale m'nyumba, chifukwa kulira kunasiya mwadzidzidzi. Mlamu wanga, amene wavala yunifolomu ya amayi a mpingo kuyambira ali mtsikana, anatuluka atagwiriziridwa ndi amayi awiri. Sanapite kwa akuluwo. Anaima pakhonde n'kumayang'ana ine.

Ndinapempha akulu onse kuti anditsate ku mtengo wa mango. Ndinagogoda mgolo ndi ndodo yanga, unalira ngati ng'oma. Ndinauza alendowo kuti achotse chotsekera ndi kuupendeketsa. Anaugubuduza, dzenje linaloza pansi, ndipo tinadikira. Sipanagwe ngakhale dontho. Bambo wa kapu uja anati, "Ah! Ulendo wonsewu kunyamula mphepo?" Anthu anaseka, ena akubisa nkhope.

Mkulu mnzanga sanaseke. Anati kuuma kwa mgolo sikusintha kanthu, malemu ankamwa.

"Ankamwa," ndinavomera. "Ine ndinamudzudzula katatu, makope ndi awa. Koma pa mpingo pano munthu sadulidwa ndi mphekesera. Amaitanidwa, amamvedwa, kenako amalemberedwa kalata. Kalata yomudula Yotamu ili kuti? Ndani anamuonapo akudzandira?"

Ndinatsegula chikwama pamwamba pa mgolo womwewo, popeza panalibe tebulo. Ndinatulutsa kalata yosamukira imene mpingo wa ku Lusaka unamupatsa, yonena kuti anali Mkhristu wa mgonero wopanda mlandu. Kenako ndinatulutsa khadi lake la mgonero, limene ndinalipeza m'Baibulo lake tsiku limene anamwalira.

"Mwezi watha anadya mgonero. Dzanja lasaina apali ndi la yani?"

Mkulu mnzanga anavala magalasi. Anayang'ana khadilo nthawi yaitali, akudziwa bwino kuti dzanjalo ndi lake. Anandibwezera ndi manja awiri. Sanapepese, ndipo ine sindinafune kuti apepese pagulu. Anangotembenukira kwa mtsogoleri wa kwaya n'kunena kuti, "Yambani." Amayi anayamba nyimbo asanabwerere n'komwe m'nyumba, ndipo mlamu wanga anakhala pansi pakhonde pomwepo n'kuyambanso kulira. Kulira kumeneko kunali kwabwino kukumva.

Mwambo wa panyumba unatha dzuwa lili pamutu, koma silinkaoneka. Tinakweza bokosi pa lole ya mlimi wina. Njira ya kumanda imadutsa pakati pa minda, ndipo chimanga chinali chitatalika kuposa munthu, moti amene tinali kumbuyo tinkangomva nyimbo osaona oimba. Titafika padambo mvula inayambanso, ndipo lole inatitimira mpaka m'chasisi. Tinakankha, koma inangotithira matope.

Apa m'pamene ndinaona zimene ndikulembera nkhaniyi. Amuna a ku Lusaka aja anavula nsapato ndi masokosi, kupinda mathalauza, n'kulowa m'madzi limodzi ndi adzukulu kuti anyamule bokosi. Panalibe amene anawapempha. Mmodzi wa iwo, wamtali wa mimba, anali Mbemba, ndipo amayi athu anali atamupaka kale ufa kumaso monga timachitira ndi Abemba pamaliro, popeza iwo ndi ife ndi apachimbuya, timanyozana mwanthabwala. Atasenza bokosi paphewa anafuula kuti, "Iyee! Mbeba zonse zamene anadya uyu munthu zili mommuno!"

Mayi wina wokalamba anamuyankha ali kumbuyo: "Gwirani bwino, inu odya anyani. Mukamugwetsa tikuikani ndinu."

Anthu anaseka mpaka oimba anasokoneza vesi. Osenza bokosi aja anawoloka dambo lonse osasinthana, madzi ali m'maondo, ndipo bokosi silinapendekeke.

M'manda munali mutalowa madzi. Adzukulu anawakapa ndi zidebe, alendowo akulandira ndi kutaya. Mkulu mnzanga analalikira mwachidule ndiponso mwaulemu, n'kutchula Yotamu kuti mbale wathu. Itafika nthawi ya mawu a anzake a malemu, mayi wa chitenje uja anaima. Anati mabotolo a Yotamu sanabweretse ngakhale limodzi, anawasiya ku Lusaka mpaka amayi a nyumba adzanene chochita. Kenako anatulutsa kapepala kamene Yotamu analemba tsiku losankha mgolo. Enawo analemba m'Chingelezi mayina a zipatso zimene ife sitizidziwa. Iye analemba kuti: "Wachiwiri. Chimanga chokazinga, nsinjiro, ndi chigafa cha atate mvula itagwa." Mayiyo anati atawamasulira mawuwo, gulu lonse linakweza manja kusankha mgolo wachiwiriwo. Ndinamupempha kapepalako ndipo anandipatsa.

Tinathira dothi, tinaika nkhata. Pobwerera mvula inali itakata. Anthu anasamba m'manja pakhomo, anadya, n'kuyamba kubalalika. Alendo a ku Lusaka anathandiza kufukula lole ndi kugwetsa tenti asanakwere magalimoto awo. Ndinawagwira chanza mmodzimmodzi, onse khumi ndi anayi amene anabwera, ndipo ndinalemba mayina awo m'kope patsamba lawolawo. Kale ndinkawaona ngati anthu owononga mng'ono wanga. Iwo anayenda usiku wonse kudzamusenza paphewa.

Madzulo nyumba inali zii. Mlamu wanga anagona pamphasa pakati pa azichemwali ake. Pabwalo panatsala phulusa, mapazi a anthu m'matope, ndi mgolo uja, umene wina anaugubuduzira pakhonde. Ndinakhala pambali pake, n'kukumbuka tsamba lachiwiri la mu envulopu. Linali la m'dzanja la Yotamu, mizere iwiri yokha: "Mgolo ukafika upite kwa akulu anga ku Lundazi. Asungiremo mapepala awo, chiswe chawavutitsa kokwanira."

Ndinayang'ana uku ndi uku, panalibe wondiona. Ndinachotsa chotsekera n'kuika mphuno padzenje. Sindikudziwa za nsinjiro, koma chigafa cha atate ndinachimva, masamba onyowa ndi utsi wakale, ife awiri tili ana tikubisalamo mvula.

Dzenje la mgolowo ndi laling'ono. Cholowamo sichingatulukenso pokhapokha mmisiri atagumula matabwa. Ndinatsegula chikwama, ndinatulutsa makope atatu a makalata anga odzudzula aja, ndinakulunga lililonse ngati ndudu, n'kuwaponyamo limodzilimodzi. Ndinamva akugwa pansi pa mgolo. Ndinabwezera chotsekera, ndinachikhomerera ndi chibakera, ndipo ndinakhala pomwepo mpaka udzudzu unandithamangitsira m'nyumba.