Mbale ya mavesi ya mayi Oddlaug

Pachilumba chathu aliyense amadziwa kuti Mulungu akafuna kunena kanthu amayamba wauza mayi Oddlaug. Ndi iwo amene amasesa nyumba ya mapemphero ndi kuphika khofi wa Lachitatu. Amuna awo adamira ndi boti la nsomba kalekale, ndipo iwo amati kuyambira pamenepo m'nyumba mudachita bata loti n'kumamva mawu a Kumwamba.

Kukhitchini kwawo kuli mbale yagalasi yodzaza timapepala ta mavesi. Umatsinzina, n'kutola kamodzi, yankho lako ndi lomwelo. Kungoti iwo vesi likapanda kuwakomera amalibweza, ati Ambuye sanamve bwino funso. Galu wa abusa atasanza pakhomo la tchalitchi, mayi Oddlaug anati umenewonso ndi uthenga, wokhudza ulaliki wa tsikulo.

Ine ndinkawaseka mobisa, mpaka khanda langa Eilif litayamba chifuwa. Mwamuna wanga anali kunyanja. Apongozi anati n'chimfine chabe, ndimugoneke panja m'kangolo kake monga tichitira tonse, mphepo yozizira imulimbitsa. Kukwerera chimfine sitima ya pamadzi mpaka kuchipatala n'kudzichotsa ulemu. Koma ine ndinkaona pakhosi pake pakulowa m'kati akamapuma. Kupita ndinkaopa, kukhala ndinkaopanso. Masana amenewo ndinakankha kangoloko mpaka kwa mayi Oddlaug kuti vesi lindisankhire.

Ndinawapeza akudya keke. Anavundukula mwanayo, n'kuika khutu pachifuwa pake, nyenyeswa zili pamilomo. Ine dzanja linali kale m'mbale muja. Analimenya.

"Iwe Sunniva, Mulungu akukuwa m'chifuwa umu, ukufuna akulembererenso?"

Sitima yomaliza ya tsikulo inali pafupi kunyamuka, ife tili kutali ndi doko. Anaimbira foni Reidar, woyendetsa sitimayo, n'kumuuza kuti Ambuye awaonetsa kuti adikire. Ndinkamumva akuseka, ati Ambuye si amene amamulipira.

"Andionetsanso pakhomo pamene galimoto yako imagona Loweruka, mwana wa Gunnvor iwe. Ndiyambe kuuza ndani, mkazi wako kapena amako?"

Sitima inadikira. Pamadzi ponse mayi Oddlaug anandigwira phewa, akuimba nyimbo ya Mulungu ndi mawu oti ngakhale mbalame za m'nyanja zinatisiya. Ine maso anali pakhosi pa mwana basi.

Kuchipatala sanatiimike pamzere. Anamutenga m'manja mwanga, n'kumuika timapaipi ta mpweya m'mphuno. Ndili pabenchi, ndinafunsa mayi Oddlaug ngati za Reidar zija anawaonetsadi ndi Ambuye.

"Ayi, zija ndimaonera pawindo. Nanga windolo anandipatsa ndani, mwanawe?"

Namwino atandiitana ndinapeza Eilif ali mtulo, kukamwa kuli yasa. Ndinaika dzanja pachifuwa pake. Chinkakwera ndi kutsika pang'onopang'ono, osalimbana, ndipo sindinalichotsepo mpaka linachita dzanzi.